Nyumba yakale yonyowa makoma, tigwetse kapena tikonze?

Foromani Matawale: Mwaswera bwanji amisiri anzanga. Mutu waima kuno, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa ntchito pa nyumba ina yakale kumtunda, mbali ya ku Mulunguzi, zija za nthawi ya atsamunda zakhonde lozungulira, makoma okhuthala ngati a tchalitchi. Mwini wake anali mdala wogwira ntchito m'boma, anatisiya, nyumba yakhala chitsekere zaka 8, ana ena ali ku Lilongwe wina ku Joni, mayi awo anabwerera kumudzi. Pano mayiwo akufuna tiigawe zipinda 6 azichititsa lendi yotsika kwa ana a ku Chanco ndi anthu a ntchito zing'onozing'ono mtauni muno. Vuto nali: khoma lakumbuyo lonse ndi theka la mbali imodzi ndi lonyowa kuchokera pansi mpaka mchiuno, pulasitala akungoyoyoka, pena ukagogoda pakulira ngati ng'oma, ndiye pali zoyera ngati mchere. Ndakanda ndapeza njerwa ndi zowotcha koma anamangira dothi, simenti mulibe. Kudenga ndaona njira za chiswe, pakona imodzi pali mng'alu wolowa chala. Ndalama zonse zimene ali nazo ndikaziwerengera mmatumba a simenti zikukwana 400, mmenemo muchoke malata, leba, mapaipi, zonse. Ndigwetse ndiyambirenso kapena ndikonze?

Wamabuloko Three Miles: Gwetsani bwana musataye nthawi. Nyumba yomangira dothi ndi manda oyembekezera mwini. Mukagwetsa muike mdadada wa zipinda 6 wa mabuloko, mwezi umodzi muli pa ring'i bimu. Mabuloko ndili nawo a 6 inchi ndi a 4 inchi, ouma bwino

Kalipentala Sadzi: kkkkk achimwene a mabuloko simuchedwa. Munthu wafunsa nzeru inu mwatulutsa kale lisiti

Wamabuloko Three Miles: Ndikunena zoona zake, bizinesi apo ndi apo. Amene munaona zimene anachita Freddy mu Malichi 2023 simungalimbikitse khoma la dothi. Nyumba zinkangokhala pansi ngati phala

Madala Chinamwali: Mwana wanga wa mabuloko, zimene zinagwa nthawi ya Freddy zambiri zinali za zidina kapena njerwa imodzi yogoneka, zopanda maziko enieni, zina zomangidwa mmphepete mwa madzi. Iyi akunena apa ndi ina. Nyumba yomwe yaima kuyambira azungu asanachoke, yaona mvula ya ku Zomba zaka zonsezi, mphepo yamkuntho ya Ana yadutsa, Freddy yadutsa, ikadali chiimire, ndiye iwe ukuti ndi manda? Hotela ya Masongola ija anamanga 1886, sinaone buloko la simenti ndi limodzi lomwe pomangidwa. Foromani, ndiyankhe izi kaye ndisanalankhule zambiri. Khomalo ndi lokhuthala bwanji? Kumbuyoko nthaka yakunja ili mmwamba kapena mmunsi mwa simenti ya mkati? Ndipo pulasitala amene akuyoyokayo ndi wotuwa wolimba kapena woyera wofewa?

Foromani Matawale: Madala zikomo. Khoma lakunja ndi njerwa imodzi ndi theka, pafupifupi 350mm ndi pulasitala yemwe. Za nthaka sindinayeze koma kumbuyoko ndi kuphiri, udzu wafika pawindo. Pulasitala ndi wamitundu iwiri, kumtunda woyera wofewa ukakanda ndi chikhadabo akuchoka ufa, kumunsi konyowako ndi wotuwa, ndipo anapakapo penti ya oilo yobiriwira ija ya mmaofesi akale

Madala Chinamwali: Basi wayankha wekha. Woyerayo ndi wa laimu, ndi amene nyumbayo inabadwa naye. Wotuwayo ndi wa simenti, anabwera ndi mmisiri wina pambuyo pake ataona kuti khoma lanyowa, nkuganiza kuti akaliveka simenti ndi penti ya oilo madzi atha. Madzi satha choncho. Khoma la njerwa ndi dothi limamwa madzi pansi nkuwatulutsira kunja pang'onopang'ono, ukalitseka ndi simenti madziwo amasowa potulukira ndiye amakwera mpaka pomwe simenti yathera, nchifukwa chake ukuona mzere mchiuno. Zoyerazo ndi mchere wa munthaka umene umatsala madzi akauma, ndi umenewo umakankha pulasitala mpaka kulira ngati ng'oma. Ukangopakanso simenti ina pamwamba, mvula ziwiri sizitha mayiwo akuimbira foni ndi mawu ena.

Pulambala Mpondabwino: Ndikugwirizana ndi madala koma ine ndiyambira panja. Nyumba zakumtunda zonsezi azungu ankaziikira ngalande yamiyala kumbuyo yolandira madzi otsika mphiri, ndagwirapo zingapo ndipo palibe imene ndinapeza ilibe, kungoti zinakwiririka. Zaka 8 palibe wosesa, masamba, dothi lotsetsereka, ndiye khoma limasanduka damu. Tengani anyamata awiri ndi mapiki mukumbe mita imodzi kuchokera pakhoma muone. Ndipo musaiwale paipi ya madzi, mapaipi akale achitsulo aja amadontha pansi osaoneka. Ngati madzi sanadulidwe tsekani mipope yonse muyang'ane mita ngati ikuyenda

Foromani Matawale: Madzi anadula kalekale, pali ngongole yake imene sindikufuna nkuimva komwe

Pulambala Mpondabwino: Muimve msanga bwana, muiike mu bajeti lero lomwe, chifukwa mudzamaliza kukonza nkupeza alendi akutunga madzi kwa aneba

Mayi Mapulani: Ndalowa mochedwa, ndinali ku sayiti. Achimwene a Foromani musanagule ngakhale msomali, mapepala a nyumbayo ali mdzina la ndani? Mwati bambo anamwalira, ana ali kutali. Mayiwo ali ndi makalata a kukhoti owalola kuyendetsa chuma cha masiye? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mayi ndi ana, zoona, koma limatanthauzanso kuti anawo ali ndi gawo, ndiye mmodzi akangoti ine sindinavomere, ntchito imaima inu ndalama zanu za leba zili mkati. Zinandichitikira ndi banja lina, ndinajambula pulani yonse, tsiku loti tikapereke kunatulukira mwana wa kwa mayi wina amene palibe ananditchulira. Mpaka lero nyumba ija ili ndi mitengo yomera pabalaza. Nyumba zambiri mukuziona zotseka mtauni muno si kuti eni ake alibe nzeru ayi, ndi milandu ya pachibale.

Chachiwiri, kusandutsa nyumba ya banja limodzi kukhala ya alendi 6 ndi kusintha kagwiritsidwe ntchito, pamafunika pulani ipite kukhonsolo. Muonenso lizi yake kuti inatha kapena ayi, ndiponso ngati ili mgulu la nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo, a za Museums and Monuments ndi amene amasunga mndandanda umenewo. Ikakhala mmenemo nkhani yogwetsa ithere pompa.

Wamabuloko Three Miles: Amayi mapepala onsewa mpaka mvula igwa. Anthu ku Chikanda akumanga usiku mmawa alendi alowa kale

Mayi Mapulani: Eya, ndipo mukudziwa mmene zipinda zimenezo zilili, windo ngati la khola la nkhunda, chimbudzi chimodzi anthu 15, ina ili mphepete mwa Likangala madzi akabwera mabuku a ana ali pamutu. Ana amalowa chifukwa alibe kolowera. Koleji inabwera ku Chirunga mu 1973 ndi mahositelo owerengera ana a nthawi imeneyo, pano ana achuluka kangapo, ambiri amagona kunja kwa kampasi. Ine chimandiwawa nchakuti kumtunda kuli nyumba zokhala ndi msewu kale, mapolo a magetsi kale, paipi ya madzi yochokera ku Mulunguzi ikudutsa pageti, mukugona mileme, pomwe anthu tikukadula mapuloti kutali kumene kulibe chilichonse nkumadikira zaka kuti msewu ufike. Likulu litapita ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo nkutsatira 1994, tauni ino inatsala ndi nyumba za mabwana opanda mabwana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mu mzinda uno, ndipo ambiri mwa iwo sakhala kumtundako

Kalipentala Sadzi: Amayi mwayamba kampeni kkkk tikuvoterani ukhansala

Mayi Mapulani: Ayi ndithu ndilibe ndalama yogawa nsalu

Wamagetsi Ndola: Koma akunena zoona. Malawi Housing Corporation ilipo kuyambira 1964 ndipo nyumba zake aliyense amazifuna chifukwa lendi yake ndi yofewa, koma wolowamo satuluka, ndiye sizingakwanire tonse. Pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo ija inali yothandiza anthu kumidzi kumanga, sinali ya nyumba zakale za mtauni. Ine ndimati kukanakhala ngongole yaing'ono yokonzera nyumba zotsekazi, pangano nkukhala lakuti lendi isapitirire mwakuti kwa zaka zingapo, anthu ambiri akanapeza pogona popanda kuika njerwa ndi imodzi yomwe. Koma ku banki ukatchula nyumba ya masiye amakuyang'ana ngati wanena zamatsenga, chiwongola dzanja chakenso ndiye ayi

Admin: Akuluakulu tibwerere ku khoma la a Foromani. Za ndondomeko ya dziko tidzakambe Loweruka pa bawo

Wamagetsi Ndola: Chabwino a Admin. Gawo langa ndi ili: mawaya onse akale atuluke, musakambirane. Nyumba za nthawi imeneyo zina zikadali ndi mawaya okutidwa ndi labala ndi nsalu, ukagwira amanyenyeka, ndiye makoswe zaka 8 adyanso gawo lawo. Ana a sukulu aliyense amabwera ndi hotipuleti ndi ketulo, zipinda 6 nthawi ya 6 koloko madzulo zonse zayaka, waya wakale sangapirire. Masoketi akhale pa waya wa 2.5mm, chipinda chilichonse buleka yake, ethi yatsopano. Ndipo musaswe khoma la dothi kukwirira mapaipi, yendetsani pamwamba ndi tiranking'i, nzotchipa komanso simuvulaza khoma. Kukakhala kotheka pangani kitchini imodzi panja ya onse, mmazipinda musalole zophikira

Foromani Matawale: Zikomo nonse. Mawa ndipita ndi anyamata tikakumbe kumbuyo, ndikwerenso kudenga. Madala pali china choti ndiyeze?

Madala Chinamwali: Ziwiri. Dula pulasitiki ngati kukula kwa thaulo umate pansi pa simenti ndi tepi mbali zonse, usiye masiku awiri. Ukapeza madontho kunsi kwake ndiye kuti chinyezi chikuchokera munthaka, akakhala pamwamba ndiye ndi mpweya wa mnyumba yotseka chabe. Pamng'alupo mata kachidutswa ka galasi mopingasa ndi simenti pang'ono uku ndi uku, kakasweka ndiye kuti khoma likuyendabe. Uyang'anenso ngati pali mtengo pafupi ndi konayo

Kalipentala Sadzi: Kudengako tengani sikuludiraiva muzibaya thabwa lililonse, makamaka pamene lakhala pakhoma. Musaope njira za chiswe zokha, chiswe chimadutsa pa thabwa lina kupita kukadya lina. Mukapala pang'ono nkumva fungo lokoma ngati la pensulo, ndi mkungudza umenewo, sida wa ku Mulanje, chiswe sichiufuna. Mukaupeza musauchotse olo munthu akunyengerereni bwanji, mtengo umenewo pano ndi wotetezedwa ndipo mphiri muja unatha, simudzaugulanso

Foromani Matawale: Ndabwerako akuluakulu, pepani ndakhala chete masiku atatu, foni inagwera mmatope a ngalande yomweyo kkkk. A Pulambala munalosera. Takumba kumbuyo tapeza ngalande yamiyala yomangidwa bwinobwino, yakwiririka pafupifupi theka la mita, ndipo dothi lakunja linali pamwamba pa simenti ya mkati ndi 400mm, ndayeza ndi paipi ya levulo. Kutanthauza kuti zipinda zakumbuyo zinali ngati zili mdzenje. Aneba akuti dothi lambiri linatsika nthawi ya Freddy. Pulasitiki wa madala, zipinda ziwiri zakumbuyo madontho kunsi, zakutsogolo gwaa kouma. Pakona ya mng'alu pali mtengo wa mapeyala mita imodzi ndi theka kuchokera pakhoma, muzu wake ngati ntchafu walowa pansi pa maziko. Galasi silinasweke koma masiku ndi ochepa. Kudenga a Sadzi, mitanda ikuluikulu yonse ndi yonunkhira ija, sikuludiraiva ikukana kulowa, zodyedwa ndi timatabwa ta paini tokhomerapo malata timene wina anasintha pambuyo pake, ndi siling'i. Malata ndi okhuthala kwambiri koma obooka mmisomali. Khonde lakumbuyo lokha lili ndi malata otuwa aja osalira ukagogoda

Kalipentala Sadzi: Mwalemera bwana simukudziwa. Denga limenelo kuligula lero ndalama ya mayiwo yonse ingathere pompo. Sinthani timatabwa tokha, paini wake akhale wouma ndipo mumupake mankhwala a chiswe musanakweze, osati oilo wakuda wa galimoto yekha ngati mmene amachitira ena. Malata akalewo ngati dzimbiri silinadye mpaka kubooka pakati, atsukeni ndi bulashi ya waya, tsekani mabowo, penti ya red oxide, apitirira malata a geji 32 amene tikugula lerowa oti khwangwala akatera apindika

Pulambala Mpondabwino: Otuwawo ndi asibesitosi. Musadule ndi gulainda, musaswe, fumbi lake ndi limene limawononga mapapo ndipo matenda ake amaoneka patapita zaka zambiri. Ngati sanasweke mwina asiyeni momwemo muwapake penti, mukafuna kuchotsa anyowetseni kaye, mumasule lathunthu, anyamata avale zotseka pamphuno zenizeni. Ndipo asapatsidwe munthu akafolere khola, ndikudziwa mmene timachitira

Wamabuloko Three Miles: Chabwino ndagonja theka. Koma zipinda 6 mugawa ndi chiyani, si mabuloko anga omwewo? Ndipo musaiwale malamulo a 2018 aja a bungwe la zomangamanga la NCIC, njerwa zowotcha pa ntchito za boma, za mabungwe ndi za bizinesi anakana

Mayi Mapulani: Apo mwalankhula ngati mmisiri. Makoma ogawira atsopano akhale a buloko la 4 inchi kapena njerwa za makina zosawotcha zija, palibe chifukwa chopitira ku uvuni. Zokonzera mabowo a khoma lakale gwiritsani njerwa zakale zomwezo zimene zituluke mukamaboola zitseko, palibe mtengo wagwa pamenepo. Koma ine zipinda 6 ndikukayika. Tanditumizirani miyezo

Foromani Matawale: Zipinda zogona zilipo 3, chilichonse 4 ndi 4.5. Balaza 5 ndi 7. Chodyera 4 ndi 4. Kitchini, bafa limodzi, ndi kanyumba ka antchito kuseri ka zipinda ziwiri kopanda chitseko

Mayi Mapulani: Ndiye mukuvutikiranji? Zogona 3 zikhale momwemo, chodyera ndi chachinayi, balaza muligawe pakati ndi khoma limodzi zituluke ziwiri za 5 ndi 3.5, bola chilichonse chikhale ndi windo lake lotsegukira panja. Zakwana 6 ndi khoma limodzi lokha. Khonde lozunguliralo ndiye njira yanu, mawindo ena muwatsitse akhale zitseko, lintala ilipo kale pamwamba ndiye simukuboola khoma pena patsopano, mungochotsa njerwa za kunsi. Kanyumba kakuseri musakaike alendi, kakhale mabafa awiri, zimbudzi ziwiri ndi kophikira, madzi onse achoke mnyumba yaikulu apite kumeneko, khoma la dothi ndi shawa sizigwirizana

Pulambala Mpondabwino: Amayi mwandilanda mawu. Ndiwonjezere sepitiki thanki. Yakaleyo anaipangira banja limodzi, anthu 10 kapena 12 idzadza msanga, ndiye muitsegule muone kukula kwake ndi ngati makoma ali bwino, koma asalowemo munthu, mpweya wa mmenemo umapha. Sokawe, dzenje lomwera madzi a mthankimo, ndikukuuziranitu kuti yafa, mizu yalowa, kumbani ina kumunsi kwa nyumba osati kumtunda. Ngalande yakumbuyo mukaifukula muione ngati ikutsetsereka bwino, kutsika 10mm pa mita iliyonse nkokwana, ndipo dothi lichoke mpaka likhale 150mm kunsi kwa simenti ya mkati. Koma musakumbe moyandikira mpaka maziko kuonekera, mungayambitse vuto lina

Wamabuloko Three Miles: Khoma limodzi lokha? Mabuloko osakwana 200. Mwandipha amayi

Kalipentala Sadzi: Walira mvula walira matope achimwene, munafuna nokha kuti akuitaneni pa ntchitoyi kkkk

Foromani Matawale: Madala tsopano pulasitala. Ndichotse wa simenti yense? Ndiye ndibwezere chiyani, ine laimu ndimangomudziwa wopaka njereza mmitengo pakabwera alendo aboma

Madala Chinamwali: Chotsa yense wotuwayo, upitirire 300mm pamwamba pa mzere wa chinyezi. Ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, modekha, chifukwa simenti imachoka ndi nkhope ya njerwa ukachita ukali. Ukatero lisiye khoma lamaliseche lipume, mawindo otsegula, mwezi wonse wa Okutobala dzuwa likugwirire ntchito ulere. Mchere ukatuluka uzisesa ndi bulashi youma, osatsuka ndi madzi, ukatsuka ukuubwezera mkati. Khoma lokhuthala choncho siliuma sabata ziwiri, lingatenge miyezi, ndiye usalonjeze mayiwo kuti zipinda zakumbuyo alowa anthu Disembala.

Laimu wake ndi womangira, wa ufa woyera wa mmatumba. Osati wa kumunda uja alangizi amati tithire mu chimanga, ameneyo ndi mwala wongogaya, sagwira olo umudikire chaka. Umuviike mu diramu ndi madzi akhale ngati phala la mwana, masiku angapo, akakhalitsa ndi pomwe amakoma. Muyezo ndi 1 wa laimu, 3 mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi. Mmizere ya njerwa ukolope dothi lofewa kulowa ngati 20mm ubwezeremo wa laimu yemweyo. Pulasitala apite kawiri mopyapyala, woyamba umukande adikire sabata, uziwaza madzi pang'ono asaume mothamanga. Penti ikhale njereza basi, ya oilo isayandikire. Ndipo anyamata avale magolovesi ndi magalasi, laimu amaotcha manja, mmaso ndiye usanene, diso langa lamanzere limakumbukabe

Wamabuloko Three Miles: Madala osaponyamo kasimenti pang'ono kuti agwire msanga? Ife timapanga 1 simenti 2 laimu 9 mchenga zimayenda

Madala Chinamwali: Umenewo ndi wabwino pa khoma lako la mabuloko, kapena panja pomwe mvula imamenya kwambiri ndingakulolere. Koma mkati pa khoma lonyowalo ayi, tikuchotsa simenti kuti tibwezerenso simenti? Vuto la anyamata a lero mumafuna kupaka mmawa madzulo mulandire

Foromani Matawale: Nanga mtengo wa mapeyala? Mayiwo akuti anadzala ndi malemu, ndi nkhani yovuta kuiyamba

Madala Chinamwali: Uchoke, koma uwafotokozere mwaulemu, utenge nthambi ukalumikize pa mbande ukawadzalire kutali ndi nyumba, mtengo wa bambo ukhala ulipobe. Ukadula usazule muzu uli pansi pa maziko ndi mphamvu. Galasi lija ulisiye mpaka mvula ithe, likakhala lamoyo mu Epulo ndiye usoke mng'aluwo, kuchotsa njerwa zosweka kulowetsa zathunthu mopingasa. Likasweka usandifunse ine, uitane injiniya adzaone maziko

Wamagetsi Ndola: Ine ndikufuna tione masamu, chifukwa mawu oti lendi yotsika ndi okoma pakamwa. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 koteshoni imatha mphamvu isanafike kwa mwini. A Foromani mwachita bwino kuwerengera mmatumba. Tinene chipinda chizilipa ndalama ya matumba awiri pamwezi, zipinda 6 ndi matumba 12, pa 400 paja ndi miyezi 33 ndi kanthu. Koma ana a sukulu akatsekera amapita kwawo, ena amathawa ndi lendi, pali msonkho wa khonsolo, pali zokonza, ndiye tinene zaka 4. Kugwetsa nkumanga zatsopano ndi ndalama yomweyo mungafike pa windo basi nkuima, nyumba inanso yopanda denga mtauni muno ngati kuti zachepa

Mayi Mapulani: Nchifukwa chake ndimati asaike ana a sukulu okhaokha. Zitatu ana a sukulu, zitatu anthu a ntchito, anamwino ophunzira, aphunzitsi, a mmashopu, amene amakhala chaka chonse. Koma achimwene a Foromani mwandizemba, mapepala aja?

Foromani Matawale: Sindinakuzembeni amayi ndimasonkhanitsa mtima kkkk. Lizi ikadali mdzina la malemu, zaka zake zikadalipo zambiri. Makalata a kukhoti alibe. Ana awiri a ku Lilongwe avomera, wa ku Joni ndi amene akuti tigulitse tigawane, akuti pali munthu akufuna kugwetsa amange loji. Mayi ake analira pa foni ine ndili pompo, ndinasowa poyang'ana

Mayi Mapulani: Mwaona. Ndiye chitani chonchi. Ntchito yoteteza nyumba kuti isaonongeke, ngalande, denga, kuchotsa pulasitala, palibe mwana angakane chifukwa olo atagulitsa mtengo wake ukwera. Imeneyo yambani, koma mayi ndi ana awiriwo asaine kapepala, wa ku Joni amutumizire pa WhatsApp ayankhe molemba. Kugawa balaza, zitseko ndi mabafa dikirani makalata atuluke ndi pulani idutse. Ndipo mulandire ndalama mmagawo, gawo lililonse musanaliyambe, zogula zigulidwe nthawi yomweyo zisungidwe, ndalama isagone ku akaunti ikusungunuka. Amuonetsenso mwanayo masamu a achimwene a magetsi, akaona kuti gawo lake lizibwera mwezi ndi mwezi mwina afewa. Pulani ndikujambulirani pamtengo wa pagulu pano, mundipatse miyezo ya mawindo ndi kutalika kwa siling'i

Foromani Matawale: Zamveka. Ndiye dongosolo ndi ili, sabata ino ngalande ndi dothi, sabata ya mawa a Sadzi mukwere kudenga ngati muli omasuka, pulasitala wotuwa achoke mvula isanayambe. Mapepala akatuluka tiyambe ndi zipinda zitatu zakutsogolo zouma zija anthu alowe, lendi yake izithandiza kumaliza zakumbuyo chaka chamawa. Madala, anyamata anga sanagwirepo laimu, simungabwere tsiku limodzi mudzawaonetse kasakanizidwe?

Madala Chinamwali: Ndibwera Loweruka la sabata ya mawa, viikiratu laimuyo mawa. Unditumizire ya kabaza yopita ndi kubwera, mwendo uno sukweranso chitunda cha ku Mulunguzi. Tiyi akhale wa mkaka

Wamabuloko Three Miles: Mabuloko 200 aja ndikusungirani mpaka liti bwana, chifukwa simenti ikakwera musadzandinene

Kalipentala Sadzi: Lachiwiri ndili pompo 7 koloko. Mupezeretu makwerero aatali, anga anabwereka mlamu wanga mwezi wa Juni